Apao ndi Mizu ya Kachere: Sewero la Mtchona Pamaso pa Anthu a ku Kasiya

Mwambi wakuti apao ndi mizu ya kachere, amakumana pansi, umanenedwa kawirikawiri pochenjeza munthu wapadera amene akufuna kulowerera mkangano wa pachibale, chifukwa anthu a bele limodzi, ndiko kuti ochokera mwa mayi mmodzi kapena mwa gogo mmodzi wamkazi, angathe kutukwanizana tsiku lonse mudzi ukumva, koma pofika madzulo n'kugwirizana mwa njira imene wapadera uja sangaione, iye n'kutsala yekha ndi chidani chimene adachitola pa nkhani ya eni. Kachere amadziwika ndi mthunzi wake waukulu, umene m'midzi yambiri ya Achewa umasanduka bwalo la milandu, koma mwambiwu umasiya nthambi n'kuloza m'nthaka, mmene mizu yoyenda kutali imapiringizana popanda woiona. Luso la zisudzo limavutika ndi nzeru imeneyi kuposa luso lina lililonse, pakuti sewero limadalira zooneka ndi zomveka, pamene chimene chimamanga abale, malinga ndi mwambiwu, n'chobisika. Sewero lonena za abale okumananso patapita zaka limangotha kuonetsa za pamtunda, monga malonje, misozi, mkangano ndi mbale ya nsima; zapansizo amabwera nazo ndi owonera, aliyense kuchokera kwawo, ndipo n'chifukwa chake sewero lotere likachitidwanso patadutsa m'badwo, chimene chimasintha kwambiri ndi mayankho a anthu okhala pabwalo, ngakhale mawu a ochita sewero atakhala omwe aja.

Dera la Kasiya, kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe pa msewu wolowera ku Santhe, pamodzi ndi madera oyandikana nalo a Kabudula, Nsaru, Nambuma, Mpingu ndi Namitete, lakhala likuperekeza ndi kulandira amuna ake kwa zaka zoposa 100. N'zoona kuti fodya wa chikopa, amene alimi a m'chidikha cha Lilongwe adayamba kulima kwambiri m'zaka za m'ma 1920 molimbikitsidwa ndi azungu a maesiteti monga A. F. Barron wa ku Mbabzi, adasunga amuna ambiri pakhomo kusiyana ndi mmene zidalili ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay. Komabe msonkho, chilakolako cha njinga ndi bulangete, ndiponso kugwa kwa mitengo ya fodya m'zaka zina, zinkatulutsabe anyamata m'midzi. Ena ankalembedwa ndi Mthandizi kupita ku mafamu ndi migodi ya Southern Rhodesia, kumene anthu ankangoti ku Halale, ndipo ena ankalembedwa ndi Wenela kupita ku migodi ya golide ya ku Joni. Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya South Africa adaposa 100,000, ndipo ndege ya Wenela itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Dr Kamuzu Banda adaimitsa ulendowo, kotero kuti m'zaka ziwiri zotsatira midzi idalandira amuna miyandamiyanda nthawi imodzi. Ulendo udayambiranso mu 1977 m'dzina la Theba, n'kudzatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Amene ankapita n'kubwerako kontilakiti ikatha sankasowetsa mudzi mtendere. Wosautsa anali mtchona, ndiye kuti munthu amene wakhalitsa kunja, wasiya kulemba makalata ndi kutumiza ndalama, mpaka kwawo osadziwa ngati amulire kapena amudikire.

Kubwerera kwa munthu woteroyo ndi imodzi mwa nkhani zimene a zisudzo a m'midzi sazitaya. Sewero lake lilibe mlembi mmodzi amene angatchulidwe, ndipo kawirikawiri sililembedwa n'komwe: ana a sukulu, achinyamata a mpingo ndi magulu a zisudzo a pa malo a malonda amalitola kwa akuluakulu amene adalionapo kale, n'kulisoka mwatsopano. M'mizinda ikuluikulu ya kunja, kutsitsimutsa sewero kumatanthauza kutenga mawu olembedwa kale n'kuwapatsa ochita sewero atsopano popanda kusintha chilembo. Kuno kumatanthauza kusunga mafupa a nkhani, pamene zovala, kalankhulidwe ndi dziko limene mtchona akuchokera zimatsata nyengo. Mafupawo ndi ochepa. Mwamuna adachoka ali mnyamata, akubwera atamera imvi; mkazi amene adamusiya adamasulidwa ndi ankhoswe n'kukwatiwa kwina; mayi ake adamwalira iye kulibe; ndipo mlongo wake, amene adasenza zonsezi, ndiye ayenera kumulandira.

Masana a Loweruka m'nyengo yokolola itatha, pabwalo la sukulu ya pulayimale, nsanja sipakhala, ndipo chitenje chomangidwa pakati pa mitengo iwiri ndicho chimakhala nyumba. Ana amakhala m'fumbi kutsogolo, amayi amayala zitenje mbali imodzi, abambo amaima kumbuyo atatsamira njinga zawo, ndipo ogulitsa nzimbe ndi zitumbuwa amazungulira m'mphepete. Mtchona satulukira kuseri kwa chitenje chija. Amachokera kutali, kumsewu, n'kudutsa pakati pa anthu atasenza bokosi lachitsulo paphewa, atavala chijekete cholemera dzuwa lili pamutu, chipewa, magalasi akuda ndi jombo, akupereka moni m'Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza cha m'migodi. Amaima pakati pa bwalo n'kufunsa mwana wina njira ya kwa Nabanda, mlongo wake, ngati kuti sadabadwire pomwepo, ndipo asanayankhidwe ndi mnzake wa m'sewero, mayi wina mwa owonera amakuwa kuti, "Atsibweni, mwasochera, kwanu ndi uko!" akuloza ndi chala, bwalo lonse n'kufa ndi phwete. Masiku ano bokosi lachitsulo lidalowedwa m'malo ndi chikwama chachikulu chamizeremizere, ndipo dzanja limene linkanyamula wailesi limanyamula foni, koma kuyenda kodzigomera kuja, ndi kunyansidwa konamizira akaona therere kapena mbewa m'mbale, sikudasinthe. Apa a zisudzo ambiri amachedwapo mopitirira, chifukwa kuseka n'kotsekemera ndipo wochita sewero akalawa kuwomba m'manja safuna kuchoka. Koma sewero limene lathera mphamvu zake pa chipewa ndi magalasi limafika pachimake litatopa kale.

Pachimakepo ndi pa malonje, mwambo umene mlendo amafotokoza za ulendo wake ndi za kumene wachokera, kenaka eni khomo n'kufotokoza zimene zachitika iye kulibe. Mlongo amayala mphasa, amagwada chapatali, amawomba m'manja pang'onopang'ono, n'kufunsa kuti, "Nkwabwino kumene mwachokerako, alongo?" Mtchona amatambasula za sitima, za mabwana ndi za nyumba zosanjikizana, ndipo owonera amamulola kuti adzitame, chifukwa akudziwa chimene chikubwera. Ikafika nthawi ya mlongo, iye sakweza mawu. Amangotchula maliro m'ndondomeko yake, kuyambira a malume awo, a mwana wake wachisamba, mpaka a mayi awo, amene adatsikira kuli chete chaka cha njala, ndipo amamaliza ndi kunena kuti uthenga udatumizidwa koma nsalu ya maliro adagula ndi aneba. Phwete lija limazima, ndipo m'malo mwake mumamveka kung'ung'udza kochokera mbali ya amayi, wina n'kuti "Auzeni, Nabanda!", wina n'kufunsa mokweza kuti "Adali kuti nthawi yonseyi?" Mawu akuti chaka cha njala amaonetsa bwino mmene sewero limasinthira lokha popanda wolikhudza: owonera akale ankamva 1949, chaka chimene wolemba mbiri Megan Vaughan adaonetsa kuti amayi a ku Blantyre ankachikumbukira ngati chaka chothawidwa ndi amuna, pamene owonera a lero m'chigawo chapakati amamva 2002, ndipo ambiri a iwo adaika maliro chaka chimenecho ndi manja awo.

Kuyankha kotereku si chipongwe, ngakhale munthu wozolowera holo ya mumzinda, mmene owonera amakhala chete mpaka pamapeto, angakuone choncho. Anthu amene adaleredwa ndi nthano, mmene wofotokoza sapitiriza ngati omvera sakuvomera, ndiponso ndi bwalo la milandu, mmene aliyense wamkulu angathe kupempha mpata wothirirapo ndemanga, samvetsa chifukwa chokhalira duu pamene munthu akunamiza mlongo wake pamaso pawo. Gulu la Travelling Theatre la ku Chancellor College ku Zomba lidazindikira zimenezi pamene lidayamba kuchita masewero m'zilankhulo za kumudzi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, ku Mbalachanda m'boma la Mzimba ndiponso pambuyo pake m'midzi yozungulira Liwonde, ndipo aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr adakonza njira yoimitsa sewero pakati n'kufunsa anthu kuti wa m'seweroyo achite chiyani. Gulu la Kwathu, limene lidatchuka ndi Izeki ndi Jakobo, ndiko kuti John Nyanga amene adamwalira mu 2016 ndi Eric Mabedi amene adamwalira mu 2021, linkakhala ndi moyo mwa mayankho a owonera omwewo; ndipo Du Chisiza Jr., amene adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987 n'kumwalira mu 1999, ankadziwa kuti sewero longa Papa's Empire likamatchula bambo wa pakhomo, owonera ankamva za bambo wina wamkulu kwambiri. Lamulo la 1968 loona za zofalitsa ndi zisangalalo linkafuna kuti mawu a sewero avomerezedwe lisanachitidwe, koma akuluakulu oona za lamulolo ankatha kuwerenga pepala lokha. Pamene anthu asekere, ndi mmene asekere, sizinkalembedwa pa pepalapo.

Chofunika kuchilingalira mofatsa ndi mlandu umene owonera amamuimba mtchona, chifukwa si mlandu umodzi, ndipo kulemera kwake kwasuntha. M'chikhalidwe cha Achewa mwamuna amakhala ndi makomo awiri. Kumudzi kwa mkazi wake ndi mkamwini, ndiye kuti mlendo wodzakhala chifukwa cha ukwati, amene amalima munda wa apongozi ndipo ana amene wabereka ndi a kuchikazi. Kumudzi kwawo ndi mwini mbumba, ndiye kuti woyang'anira alongo ake ndi ana awo, amene amaimira mbumbayo pa ukwati, pa mlandu ndi pa maliro. Mtchona adathawa makomo onse awiri, koma owonera achikulire salemeretsa milandu iwiriyi mofanana. Akafika kwa mkazi wake wakale n'kupeza mwamuna wina akusema mpini pakhonde, iwo amaseka mpaka misozi, chifukwa mkamwini amalowedwa m'malo ndipo palibe chachilendo. Koma akafika kwa mlongo wake saseka, chifukwa mtsibweni alibe womulowa m'malo wapafupi, ndipo mbumba yopanda mwini imaluza milandu, imalandidwa minda ndi kukwatitsa ana mopanda ulemu. Achinyamata a lero amaona mosiyana. Ambiri a iwo adakulira m'mabanja a chitengwa, mmene mkazi ndiye amatengedwa kukakhala kwa mwamuna, adamva mipingo ndi sukulu zikuphunzitsa kuti udindo wa mwana uli pa bambo womubereka, ndipo lamulo la 2011 la chuma cha masiye lidaika patsogolo mkazi ndi ana a womwalira kuposa abale ake. Choncho pamene agogo akuseka pakhonde la mkazi wakale, mdzukulu wawo amene adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi amayang'ana mwana wa m'sewero amene sakumudziwa bambo wakeyo, ndipo saona choseketsa. Bwalo limodzi limakhala ndi oweruza a mitundu iwiri, ndipo wochita sewero watcheru amamva kuti phwete likuchokera mbali ina pamene mbali ina yakhala chete.

Foni nayo yamulanda mtchona chodzikanira chake chakale. Wa nthawi ya Wenela ankatha kunena kuti kalata idasochera, kapena kuti kalaliki womulembera adamudyera ndalama, ndipo owonera ankamukhulupirira pang'ono chifukwa zinkachitikadi. Wa lero akanena kuti sadamve za maliro, bwalo limamuwowoza, popeza aliyense akudziwa kuti uthenga umafika ku Johannesburg mtembo usanasambitsidwe, ndipo ndalama ya chipepeso imatha kufika pa foni tsiku lomwelo. Koma kuuma mtima kumeneku kuli ndi malire ake, chifukwa owonera omwewo adaona abale awo akubwera chimanjamanja pa mabasi a boma pambuyo pa zipolowe zothamangitsa alendo ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015, ndiponso m'nyengo ya Covid-19 mu 2020, ndipo anyamata ambiri oima kumbuyo kwa bwalo akusunga ndalama ya pasipoti, ena atamva za anzawo amene adapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel kuyambira mu 2023. Iwowa akamaseka mtchona amaseka mosamala, pokumbukira kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye pali munda. M'masewero akale mlongo akakhululuka ankangoloza tsala, ndiko kuti munda wogonera, n'kuuza mlongo wake kuti ayambe kuswa mphanje, ndipo owonera sankaona chovuta chifukwa malo adalipo. Koma kumadzulo kwa Lilongwe nkhani ya malo idasintha msanga kuposa madera ena, pakuti malamulo a 1967 olembetsa malo a makolo adayesedwa koyamba komweko, pansi pa chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chimene chidayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank, ndipo m'dongosolo limene anthu adalitcha ndunda, malo a banja lonse ankayezedwa n'kulembedwa m'dzina la munthu mmodzi woimira banjalo. Amene adali ku Halale kapena ku Joni pa nthawi yoyeza ankadalira chikumbukiro ndi chilungamo cha amene adatsala. Kuwonjezera apo, anthu m'dziko muno adali pafupifupi 4 miliyoni pa kalembera wa 1966, koma pa kalembera wa 2018 adapitirira 17.5 miliyoni, ndipo tsala logonera lidasowa. Lero mlongo wa m'sewero akaloza munda, pamamveka mawu ochokera mwa abambo ofunsa kuti mundawo auchotsa pa gawo la yani.

Kusintha kwa owonera kotereku kudaonekanso poyera pa sewero la ku South Africa la Sizwe Banzi Is Dead, limene Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona adalipanga pamodzi n'kulionetsa koyamba ku Cape Town mu 1972. Nkhani yake ndi ya mwamuna wa ku King William's Town amene chitupa chake sichikumulola kukhala ku Port Elizabeth, ndipo kuti apeze ntchito yodyetsera mkazi ndi ana amene adawasiya kumudzi, amatenga chitupa cha munthu wakufa n'kusiya dzina lake. Fugard adafotokoza kuti sewerolo litaonetsedwa kwa anthu a ku New Brighton, owonera adayamba kutsutsana mokweza pa mphindi yosintha zithunzi m'chitupa, ena akuchenjeza za ndende, ena akulimbikitsa. Malamulo a zitupa adathetsedwa mu 1986, ndipo pamene Kani ndi Ntshona, atakalamba, adalichitanso sewerolo mu 2006 n'kupita nalo ku National Theatre ku London mu 2007, ambiri mwa owonera ankaona mbiri ya zowawa zimene zidapita. Mmalawi wopanda mapepala ku Joni, amene amagwira ntchito m'dzina lobwereka ndi kutumiza kumudzi chithunzi atavala bwino kuti mkazi asadandaule, akadakhala m'holoyo sakadaona mbiri ayi.

Sewero limene dzina lake lenileni limanena za kukumananso kwa banja ndi The Family Reunion la T. S. Eliot, limene lidaonetsedwa koyamba ku Westminster Theatre ku London mu Malichi 1939 n'kutsekedwa patangotha milungu yowerengeka, kenaka n'kutsitsimutsidwa kangapo, monga mu 1956 motsogozedwa ndi Peter Brook ndiponso mu 2008 ku Donmar Warehouse. Harry, mwana wamkulu wa banja lolemera, akubwerera kunyumba ya makolo patapita zaka 8, pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mayi ake okalamba amene asonkhanitsa abale kuti amupatse udindo wa pakhomo. Koma iye akubwera akuzunzika ndi imfa ya mkazi wake amene adagwera m'nyanja, ndipo akulondoledwa ndi Eumenides, mizimu yachikazi ya m'nthano za Agiriki imene imatsata munthu wokhetsa mwazi wa pachibale. Pamapeto pake amachokanso, mayi ake n'kumwalira usiku womwewo. Zinthu ziwiri zimene Eliot adavomereza patapita zaka zoposa 10, m'nkhani yake yotchedwa Poetry and Drama, n'zimene zikukhudza Kasiya. Choyamba, adati mtima wake udachoka kwa mwana wobwerera uja, amene tsopano ankamuona ngati wodzimva, n'kupita kwa mayi wodikirayo. Ndiye kuti mlembi mwini, atasanduka wowonera, adakakhala mbali ya amayi a pabwalo. Chachiwiri, adati njira zonse zimene adayesa zoonetsera mizimu ija pansanja zidalephera, chifukwa inkaoneka ngati anthu ovala zachilendo amene asochera pochokera ku phwando, mpaka adalangiza kuti isamaonetsedwe n'komwe.

Vuto limene lidamugonjetsa Eliot silidali la zovala kapena la magetsi a pansanja. Owonera a ku London adalibe pangano lakale la mmene akufa amaonekera akabwera pakati pa amoyo, ndipo chimene anthu sadagwirizane kuchiona, wochita sewero sangawaonetse. Anthu a ku Kasiya ali nalo pangano limenelo, ndilo Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Eni ake salola kuti gule atchedwe sewero, ndipo ali ndi chifukwa chomveka, pakuti zilombo zimene zimatuluka kudambwe kubwera pabwalo zimalandiridwa ngati mizimu ya makolo yodzacheza ndi ana awo. Komabe aliyense woona mmene mbalule, ng'oma yotsogolera, imayankhirana ndi mapazi a chilombo, mmene amayi amavomerera nyimbo ndi kuthawa mwaulemu, ndiponso mmene Simoni wa nkhope yofiira amanyogodolera makhalidwe a mlendo, angavomere kuti owonera a kuno adaphunzira kuona pa sukulu yakale kwambiri. Kasiyamaliro, chilombo chachikulu chooneka ngati nyama ya m'tchire chimene chimaimira mayi wa fuko, akafika pa siwa kudzaperekeza womwalira, palibe amene amafunsa kuti ameneyu akutanthauza chiyani.

Ndipo kukumananso kwenikweni kwa mabanja a m'derali kumachitika pa zochitika za akufa zomwezo. Phwando la tsiku lobadwa, limene lidasonkhanitsa banja la m'sewero la Eliot, silingaitanitse munthu kuchokera ku Chipata kapena ku Joni. Chimene chimaitanitsa ndi maliro, mpalo, umene ndi mwambo wotsiriza wometa ndi kufulula mowa kuti mzimu ukhazikike pakati pa makolo, ndiponso masiku ano chiliza, manda omangidwa ndi simenti amene amavundukulidwa m'chilimwe ndalama za fodya zitalowa. Pa chiliza pamawerengedwa poyera amene adapereka thumba la simenti, amene adapereka mbuzi ndi amene adangotumiza moni pa WhatsApp, ndipo mayi amene adakuwa pa sewero la Loweruka lija amakhala atamva kale mndandanda woterowo pakhomo pake. Apa mwambi uja umamveka mozama kuposa mmene oweruza milandu amaugwiritsira ntchito, popeza pansi pamene apao amakumana ndi kumanda komwe, m'nkhalango imodzi ya mudzi, mmene mtchona amafuna kudzagona ngakhale adakana kudzalima. Magulu a zisudzo a ku sukulu ndi ku mpingo sayerekeza kubweretsa chilombo m'sewero, ena chifukwa cha ulemu wa mwambo, ena chifukwa mipingo yawo imadula Mkhristu wopezeka ku gule, ndipo mabanja ambiri a pakati pa mishoni ya Nambuma ndi mipingo ya Sinodi ya Nkhoma amagawikana pa nkhani yomweyi tsiku la chiliza, ena akuimba za m'buku m'mawa, ena akudikira ng'oma usiku. Motero mayi womwalira wa m'sewero saoneka. Mlongo amangoti adamulota akufunsa za mwana wake, ndipo zimenezo zimakwanira, chifukwa owonera amamuona okha.

Si onse amene mizu yawo idakumana. Zidzukulu za matchona a ku Zimbabwe, zimene zimavinabe gule m'mafamu ndi m'migodi ya kumeneko, zidalandidwa unzika ndi lamulo la 2001 mpaka malamulo aakulu a 2013 adakonzako zinthu, ndipo ambiri a iwo amadziwa mfunda wawo, kaya ndi Phiri kaya ndi Banda, ndi dzina la boma la Lilongwe, koma sadziwa mudzi kapena nyakwawa. Sewero la mtchona siliwafikira amenewa, chifukwa limafuna mlongo wamoyo woti ayale mphasa.

Mathero a sewero ndi pamene owonera ndi ochita sewero amasiyana poyera. Magulu ambiri, makamaka amene athandizidwa ndi mabungwe ofuna uthenga womveka, amamaliza ndi mfumu yoyanjanitsa, mtchona wogwada, ndi abale ogwirana chanza. Koma chanzacho chisanagwiridwe amayi amakhala atayamba kale kudzuka ndi kukutumula zitenje, ndipo mkangano weniweni umapitirira m'njira yopita kumudzi. Anthuwa sakana chikhululukiro, pakuti ndi omwewo amene amati chibale ndi fupa sichiola. Chimene amakana ndi liwiro lake ndi kuchitikira kwake pagulu. Amadziwa kuti wobwerera amayamba waperekezedwa kumanda ndi akuluakulu kukaona pamene padagona mayi ake, amapereka nkhuku kapena mbuzi yopepesera, amagona masiku m'nyumba ya mphwake akudya osafunsidwa kanthu, ndipo chizindikiro chakuti walandiridwa chimadzaoneka mwina patapita miyezi, tsiku limene mlongo wake adzamutume kukaimira mbumba pa unkhoswe wa mwana. Zimenezi sizikwana m'masana amodzi, ndipo gulu lanzeru limachita bwino kuimitsa sewero pa malonje n'kusiyira bwalo mlanduwo.

Nkhaniyi ikuyembekezera mutu wina m'dera lomweli. Kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals idapeza pansi pa minda ya ku Kasiya mchenga wa rutile, umene amapangira chitsulo cha titaniyamu, wochuluka kuposa wina uliwonse wodziwika pa dziko lapansi, pamodzi ndi graphite, ndipo kampani ya Rio Tinto idagulamo masheya mu 2023. Ngati mgodi udzatsegulidwa, mabanja a m'malo okhudzidwa adzafunika kunena pamaso pa nyakwawa ndi akalaliki a boma kuti mwini munda uliwonse ndani, ndiponso ndani ali ndi mawu pa manda a makolo, ndipo mbiri ya chipukutamisozi imayenda msanga kufika kwa abale amene akhala chete zaka zambiri ku Lilongwe, ku Kasungu ndi ku Joni. Mtchona wa m'sewero lotsatira adzabwera ndi chifukwa chimene owonera adzachikayikira asanatsitse n'komwe chikwama chake, ndipo mlongo amene wakhala akulima mundawo adzayenera kusankha ngati dzina la mlongo wake lilembedwe pa pepala la boma kapena lisalembedwe.